Chilimwe Chimene Tinkapempha Akangaude

Fungo la phula la njuchi lofewa ndi dzuwa limandibwezera kwa Tengani nthawi yomweyo, kuseri kwa nyumba yathu, kumene kunali kanyumba kofolera ndi masamba a mgwalangwa. Kanalibe zenera. Chitseko chake chinali cha bango, chomanga ndi luzi, ndipo ukadutsa pafupi masana a Okutobala, kafungo ka phula, ka mlombwa ndi ka fumbi lakale kankatuluka m'ming'alu ngati mpweya wa chinthu chogona. Ana sitinkaloledwa kulowamo. Ngakhale mayi, amene ankazira nyumba yonse mpaka pakhonde kuchita kuwala, tsache lawo linkalekera pakhomo pa kanyumbako. M'menemo ndimo munkakhala ulimba wa bambo.

Bambo anga, a Zuze, ankalima thonje ndi mapira monga wina aliyense, koma palibe amene ankawadziwa ndi khasu. Ankadziwika ndi ulimba, umene iwo ndi anzawo olankhula Chisena ankautchula kuti valimba. Unali wautali kuposa mphasa. Unali ndi matabwa a mlombwa makumi awiri ndi limodzi, oyalidwa kuyambira lalikulu longa nkhafi mpaka laling'ono longa chikhatho, ndipo pansi pa thabwa lililonse pankalendewera chipanda chake chokuza mawu. Ulimba suimbidwa ndi munthu mmodzi. Bambo ankakhala kumatabwa aang'ono, kumene nyimbo imalankhulira. Amalume a Jemuse, achimwene a mayi, ankagwira pakati. Kumatabwa aakulu, amene amagunda m'chifuwa, kunkakhala a Bizeki, bambo wonenepa wokonda kuseka, amene ankati mimba yawo ndi chipanda chowonjezera.

Ine, mwana wa woimba wotchukayo, ndinabadwa ndi makutu a mtondo. Ndikamaomba m'manja kutchalitchi, oyandikana nane ankasokonezeka. Changa chinali kuwerenga. Sukulu ndinangoilawa, chifukwa mbuzi za kwathu sizinkadziwa za belu, koma zilembo zochepa zimene ndinatolako ndinazikulitsa ndekha. Ndinkawerenga matumba a feteleza, mabotolo a mankhwala a thonje, ndi mapepala okulungira zinthu kumsika. Vuto la mapepala okulungira ndi lakuti nkhani umaipeza ilibe mutu ilibe mchira, ndipo ine ndinkakhulupirira chilichonse chosindikizidwa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo m'mtima mwanga ndinkadziwa kuti wophunzira pamudzi ponse ndine.

Chilimwe chimenecho zinthu sizinali bwino kwa oimba atatuwo. Kale, thonje likagulitsidwa, maukwati ankachita kutsatana, ndipo ulimba sunkatha sabata uli m'kanyumba. Koma anyamata ena a ku Bangula anali atagula jenereta ndi masipika aakulu ngati zitseko, ndipo anthu anayamba kuitana iwowo. Ulimba unatsala wa pamaliro. Ukwati umodzi wokha ndiwo unawakumbukira chaka chimenecho, wa mwana wamkazi wa a Nsingano, mwini ng'ombe zambiri m'mudzi mwathu. Akuchimuna anali ataitana disiko, koma a Nsingano anaumirira kuti ulimba ukhaleponso.

"Ine ndatopa kuimbira akufa okhaokha, alamu," anatero amalume tsiku lina pansi pa bwemba wa pabwalo pathu. "Anthu akatisiya n'kupita kumasipika tsiku limenelo, Lolemba lake ndikukalembetsa kudula nzimbe ku Nchalo. Musadzati sindinanene."

Bambo ankadziwa kuti wapakati akachoka ulimba watha, chifukwa m'midzi yonse yotizungulira munalibe wina wodziwa kugwira pakati.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, mayi anandituma kukagula mlamba wowamba, ndipo unabwera m'pepala long'ambika la za ukhondo. Panali chithunzi cha nyumba yauve ndi cha nyumba yosamalika, ndipo m'munsi mwake munali mawu oti akangaude ndi zisa zawo tisamazilekerere m'nyumba. Mawa lake bambo ndi mayi analawirira kudimba. Ine ndinaima pakhomo pa kanyumba kaja ndi mtima wa munthu wopulumutsa banja lake ku matenda, ndipo ndinamasula luzi.

Maso atazolowera mdima, ndinaona zimene ndinkaopa. Makoma onse anali ndi timadontho toyera, tozungulira ngati mabatani, tomatirira padothi, ndipo pambali pake panali akangaude aphwatalala aja amene amathamanga chammbali. Ndinawamvera chisoni bambo anga, munthu wolemekezeka, kusunga chuma chawo pamalo otere. Ndinatenga mpope wopopera thonje, umene unali ndi timankhwala totsala, n'kupopera makoma ndi denga. Ndinapala timadontho tonse ndi chikwanje n'kukatiponya pamoto. Kenako ndinagwada n'kusuzumira pansi pa ulimba. Mayo ine! Uve unali utafika mpaka pazipanda. Chipanda chilichonse chinali ndi kabowo m'mbali, ndipo pa kabowo kalikonse panali kadontho koyera komweko. Ndinathyola munga wa mthethe n'kuboola tonse, makumi awiri ndi kamodzi, mosamala kwambiri kuti ndisakande chipanda. Ndinali munthu wolongosoka pantchito.

Atabwerako ndinawachingamira ndi pepala langa m'manja. Mayi atangomva fungo la mankhwala pamalaya anga, anandikokera kubafa n'kundikwecha ndi sopo mpaka khungu linayaka. Ndili komweko ndinamva bambo akugogoda thabwa limodzi, kenako lina, kenako lina. Ngakhale ine wamakutu a mtondo ndinamva kuti china chafa. Ulimba wa bambo unali ndi kaphokoso kake konthunthumira, konga njuchi zambiri m'mphako, kamene kankanyamula nyimbo mpaka kutsidya kwa dambo. Tsopano unkangoti gu, gu, ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yopanda anthu.

Bambo sanandimenye. Bwenzi kuli bwino akanandimenya. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera modekha, ngati akufotokozera mlendo, kuti timadontho tija ndi tinsalu timene kangaude amaphimbira mazira ake. Ana akaswa n'kuchoka, kansaluko amakapala n'kukamata ndi phula pa kabowo ka chipanda. Thabwa likagundidwa, mpweya wa m'chipanda umakankha kansalu, kansalu kamanjenjemera, ndipo mawu a ulimba ndi omwewo. Akangaude a m'kanyumba aja ankachita kuwaweta, kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku limodzi lokha ndinali nditapha ziweto n'kuotchanso nkhokwe.

A Bizeki anabwera m'mawa mwake ndi jumbo yopyapyala, nati anyamata a ku Makhanga akumata yomweyo masiku ano ndipo palibe amene wafa nazo. Anamata pazipanda zitatu. Bambo anagogoda, napendeketsa mutu, nagogodanso.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Ukulira ngati munthu wachimfine. Ngati n'kugonja kwa masipika, ndikagonje ndi mawu anga, osati obwereka kugolosale."

Amalume a Jemuse anangoyang'ana kumpoto, kumene kuli Nchalo.

Chilango changa chinalengezedwa pomwepo. Tidzayenda nyumba ndi nyumba kupempha tinsalu ta akangaude, ndipo woodira pakhomo lililonse ndidzakhala ine, n'kuyamba ndafotokoza chimene ndinachita.

Amene sanakhalepo kuchigwa mu Okutobala sadziwa dzuwa. Mchenga unkaotcha mapazi kudutsa m'masilipasi, nyenje zinkalira mpaka m'mutu kumalira nazo, ndipo ng'ombe zinkaima pansi pa mitengo ya masawu zitaweramitsa mitu ngati zili pamlandu. Mapesi a mapira m'minda anali atayera mbee, ndipo kamphepo kakadutsa kankabwera kotentha ngati kakuchokera m'uvuni wa njerwa. Tinkanyamuka dzuwa lisanakwiye, bambo ali ndi lezala m'thumba la malaya, ine ndili ndi kope langa lakale lopanira tinsalu kuti tisapindike. Aka kanali koyamba kuti bambo aone phindu la mapepala anga.

Tinayambira kwa a Fatima, mayi wamasiye woumba mbiya. Ndinaodira, ndipo ndinanena mlandu wanga wonse. Anaseka mpaka anakhala pansi, dongo lili m'manja.

"A Zaumoyo afika!" anafuula kuitana oyandikana nawo. "Amayi inu, bisani akangaude anu, a Zaumoyo afika!"

Dzinalo linandikakamira. Mpaka lero ndikatsika minibasi kwa Tengani, zilipo nkhalamba zimene zimandipatsa moni nalo. Koma atatha kuseka, a Fatima anasamba m'manja n'kutilowetsa mpaka kuchipinda kwawo, kumene mlendo safika, natisonyeza kuseri kwa mtsuko. Panali tinsalu tinayi. Bambo anatiyang'anitsitsa ndi kuwala kochokera pakhomo, nasiya titatu timene munali mazira, napala kamodzi kopanda kanthu, pang'onopang'ono ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. "Takhuta, mai," anathokoza m'Chisena, atawerama pang'ono.

Si nyumba zonse zimene zinatilandira. Amayi ena ankakwiya kuti tikuwanena uve, n'kulumbira kuti kwawo kangaude sanapondeko chimangire nyumbayo, pamene ine ndikumuona ali phee pamwamba pa chitseko. Bambo wina anatsekereza khomo n'kufunsa ngati tikufuna zizimba. Kumene ankatilola, nthawi zambiri tinkapeza tinsalu tili ndi mazira, kapena tong'ambika, kapena tosagwirizana ndi chipanda chotsala, poti zipanda zazikulu zimafuna kansalu kokhuthala ndipo zazing'ono zimafuna kopyapyala. Pofika tsiku lachinayi tinali ndi khumi ndi kamodzi basi, ndipo mapazi anga anali ndi matuza.

Koma mbiri inayamba kutitsogolera. Ana ankatithamangira m'njira kutiuza kuti kwa agogo awo kuli kangaude wamkulu ngati nkhanu. Amayi ena amene anatikana dzulo lake ankatuma mwana mwakachetechete kuti tidzere kukhomo la kuseri. Ndipo aliyense, tikapala kansalu kake, ankafunsa funso limodzimodzi, lakuti kakakhala pa chipanda chiti. Bambo sankayankha mongowasangalatsa. Ankakapenda kansaluko pakati pa zala, n'kunena zoona zake. "Kanu n'kokhuthala, kapita kwa a Bizeki, chipanda chachitatu kuchokera kumapeto." Ine ndinkalemba dzina la mwini nyumba pambali pa kansalu kake, ndi zilembo zanga zopindika ngati miyendo ya mwini kansaluyo.

Tsiku lachisanu tinapuma masana pansi pa mlambe woyang'ana ku Shire, mapiri a ku Mozambiki akuoneka mwachizimezime kutsidya. Ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chimene sakungomatira jumbo n'kupuma. Bambo sanali munthu wa nkhani zambiri. Anayamba ataya kaye maso kumtsinje, kenako anati anawoloka madzi amenewo nthawi ya nkhondo ali mnyamata, okhaokha, ali ndi kabudula ndi dzina basi. Kwa miyezi iwiri ankagwira ganyu m'minda ya anthu, koma palibe amene anawafunsa dzinalo. Tsiku lina anapeza maliro, ulimba ukuimbidwa ndi anthu awiri, wachitatu atadwala. Anapempha ndodo zoimbira.

"Nditatha nyimbo yoyamba, mayi wina anandibweretsera madzi m'chikho," anatero. "Nditatha yachiwiri, anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Munda uja, mayi ako, iweyo, zonse zinatulukira pamenepo. Ndiye ukuti ndiumate ndi jumbo ya shuga?"

Ndinatola kope langa, tinapitiriza ulendo.

Kansalu komaliza, kakakulu ka chipanda cha kumapeto kwenikweni, tinakapeza Lachisanu m'nyumba ya abusa, kuseri kwa kalendala. Amayi busa anatipempha kuti tisauze munthu, ndipo ndikupepesa kuti lero ndaulula. Masana omwewo bambo anatulutsa ulimba pabwalo, naika phula pamwala kuti lifewe. Ankatsina kaphula, kukapota ngati ulusi, kukazunguliza pa kabowo, kenako n'kugoneka kansalu ndi chala chachikulu chonyowetsa ndi malovu. Atamata komaliza anatola ndodo n'kuziyendetsa kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Nkhuku zinabalalika. A Bizeki anadzuka n'kugwedeza mimba yawo kuzungulira bwemba, ndipo mayi anaseka atagwira pakamwa. Amalume a Jemuse okha ndiwo sanaseke. Anati kulira kwa ulimba si kubwera kwa anthu.

Loweruka, anthu atabwerako kutchalitchi, bwalo la a Nsingano linali lodzaza. Kunkanunkhira nyama ya ng'ombe, mpunga ndi thobwa la mapira. Anyamata a ku Bangula anaimika masipika awo pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi mipando ya akwati, ndipo ife anatisonyeza malo kumapeto kwa bwalo, kuyandikira khola. Jenereta inalira, nyimbo inaphulika, ndipo khamu lonse linakhamukira komweko. Ndisaname, nyimbo zawo zinali zokoma. Ngakhale miyendo yanga, imene sidziwa kanthu, inkafuna kupita. Oimba atatu aja anayamba nyimbo yawo pamaso pa a Nsingano, ana a ng'ombe awiri ndi ine. Inatha yoyamba, inatha yachiwiri. Amalume anayang'ana bambo ndi maso oti ndinanena ine. Bambo anayamba yachitatu.

Ili pakati, ndinaona a Fatima akutuluka m'gulu la ovina kumasipika, thukuta lili chuchuchu, akumanga bwino chitenje.

"A Zuze, ndabwera kudzamva kangaude wanga," anatero. "Ali pati?"

Bambo sanasiye kuimba. Anangotembenuza nyimbo kuti izibwererabwerera pa thabwa limodzi, lachisanu kuchokera kumbali yawo, ndipo nthawi iliyonse akalimenya ankayang'ana a Fatima. Mayiwo anatchera khutu, kenako anaimba nthungululu imene inapyoza phokoso la jenereta.

"Ameneyo ngwa kuseri kwa mtsuko wanga! Amayi inu, bwerani mudzamve, wanga akuimba!"

Anabwera awiri, kenako asanu, aliyense akufunsa wake. "A Zaumoyo, tawerengani, wanga ali pati?" Ndinatsegula kope n'kumaitana mayina ngati mphunzitsi, ndipo dzina lililonse likatchulidwa, bambo kapena amalume kapena a Bizeki ankakokera nyimbo ku thabwa lake. Panabuka mkangano woti kangaude wa yani ali ndi mawu. Mayi wina anati wa mnzake akulira ngati wanjala, poti kwawoko ngakhale ntchentche sizikhuta. Mnzakeyo anamuyankha ndi chiuno, ndipo gule anayambira pamenepo. Amuna anatsatira akazi awo, ana anatsatira fumbi. Bambo uja wa zizimba anali kutsogolo, akuvina ngati anaperekako. Amayi busa anaima patali atapinda manja, koma a Bizeki akagunda thabwa lalikulu la kumapeto, ankayang'ana kumwamba, phazi likugunda pansi.

Kenako mkwatibwi anadzuka pampando, nanyamula diresi lake loyera m'manja kuti lisakhudze fumbi, nawoloka bwalo lonse, mwamuna wake akumutsatira ndi ambulera. Kumasipika kunatsala mipando. Mnyamata wamkulu wa disiko anaima kanthawi atagwira m'chiuno. Ndinaganiza kuti akweza nyimbo kuti atimize, koma anaitsitsa mpaka inazima. Tinamuona akubwera akukoka chingwe chachitali, maikolofoni ili m'manja.

"Madala, ndiike pati?" anafunsa atagwada.

Bambo analoza ndi chibwano pansi pa matabwa, pamene panali zipanda. Mnyamatayo anagona chamimba pafumbi n'kulowetsa dzanja, ndipo njuchi zija zinatulukira m'masipika onse nthawi imodzi. Asodzi anadzatiuza kuti anamva ali m'mabwato pa Shire. Sindinaonepo manja a bambo akuthamanga ngati tsiku limenelo, ndodo sizinkaoneka n'komwe. Amalume a Jemuse anali atatsinzina, malaya atamatirira pamsana, akuimba ndi pakamwa pomwe, iwo amene chaka chonse ankaimba ngati akulima munda wa eni. Dzuwa litapendeka anaika ndodo pansi, namwa thobwa chikho chonse osapumira, napukuta pakamwa.

"Alamu," anatero, "nzimbe zidikire."

Zinadikira mpaka kalekale. Mvula isanagwe anaimba maukwati ena atatu, ndipo ukwati umodzi anachita kudzatengedwa ndi anyamata a ku Bangula omwe aja, ulimba utamangidwa pamwamba pa masipika. Atatuwo anakhala limodzi mpaka manja a bambo anayamba kuuma, ndipo pofika nthawi imeneyo anali ataphunzitsa achinyamata awiri a m'mudzi. Ine sanayese n'komwe kundiphunzitsa, ndipo mudzi wonse ukuwathokoza.

Miyezi yotsatira ukwatiwo ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti amene anapulumutsa ulimba ndine, poti ndikanapanda kupopera mankhwala, ndani akanabwera kudzamva kangaude wake? Mayi ankangoti ndipitirize kulankhula ngati ndikufuna kusambitsidwanso. M'maganizo mwanga sabata ija inali ya ine ndekha, manyazi anga, matuza anga, kope langa. Ndinkati bambo akundiperekeza kuchilango.

Ndakula tsopano, ndafika zaka zimene iwo anali nazo, ndipo ndikudziwa kulemera kwake kwa munthu wamkulu kuima pakhomo pa mnzake n'kupempha. Amene ankasekedwa ndinali ine, koma amene ankadikira yankho anali iwo, munthu wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe kuno kutsidya, amene anthu anali atayamba kumuitana pamaliro pokha. Ine ndinkawerengera tinsalu kuti tatsala tingati kuti ndikapume. Sindinadziwe kuti bambo anga, ataima chete kumbuyo kwanga padzuwa lija, ankayang'ana ngati chitseko chitseguke.